Mmene a Mandela anaphunzirira kukoka anthu

Amene anamvapo a Nelson Mandela akuwerenga zolankhula zawo akudziwa kuti sanali munthu wa pakamwa potsekemera. Mawu awo anali okakala, otuluka limodzilimodzi, osakwera komanso osatsika. Tsiku lomwe anatuluka m'ndende, pa 11 Febuluwale 1990, anaimirira pakhonde la nyumba ya khonsolo ya mzinda wa Cape Town kunja kukuyamba kuda, a Cyril Ramaphosa atawagwirira maikolofoni. Magalasi awo anali atawaiwala, ndiye anabwereka a akazi awo, mayi Winnie. Dziko lonse linatchera khutu kudikira mawu oti adzakumbukiridwe mpaka kalekale. Chomwe linamva ndi malonje ndi mathokozo opita ku magulu osiyanasiyana, kenako mfundo za chipani cha ANC, kuphatikizapo yoti nkhondo ya zida inali isanathe. Atolankhani ambiri anaona kuti zolankhulazo zinali zozizira. Komabe panalibe ndi mmodzi yemwe amene anachoka pabwalopo akufunsa kuti mtsogoleri ndani.

Nanga chikoka chimenechi chinkachokera kuti? Yankho lomwe limabwera msanga pakamwa pathu ndi lakuti anabadwa nacho, ndi magazi a ufumu. Timatero ndi mlaliki amene tchalitchi chake chimadzaza, timatero ndi mfumu imene ikangotsokomola bwalo lonse limati zii. Ngakhale Max Weber, katswiri wa ku Germany amene anazama pa nkhaniyi asanamwalire mu 1920, anafotokoza kuti otsatira amaona mtsogoleri wotere ngati munthu wopatsidwa mphatso yomwe anthu wamba alibe. Ine ndikuona kuti kunena kuti a Mandela anangobadwa choncho n'kuwachepetsa. N'kuwalanda ntchito imene anaigwira zaka zoposa 60, tsiku ndi tsiku, mosamala ngati mmisiri wosula khasu amene amabwezera chitsulo pamoto mpaka chitamvera.

Zobadwa nazo zinalipo ndithu, ndipo palibe chifukwa chozibisira. Anali amtali, a msana wowongoka, a nkhope yomwe ikamwetulira munthu ankaiwala zomwe amafuna kudandaula. Anabadwa pa 18 Julaye 1918 ku Mvezo, m'banja la ku ufumu wa Athembu, ndipo bambo awo, a Gadla Henry Mphakanyiswa, anali nduna yolangiza mfumu. Koma taonani anzawo awiri omwe anali ndi zonsezi, mwinanso kuposa. Justice, mwana wa mfumu yomwe inawalera, anali wamkulu kwa iwo ndi zaka zinayi, wamtali, wooneka bwino, katswiri pa masewero, ndipo mpando wa pamudzipo unkadikira iye. A Mandela ali mnyamata ankangomusirira. Winayo ndi Kaiser Matanzima, mbale wawo amene anawalandira ku koleji ya Fort Hare, naye wamtali, wodzidalira, wamagazi a ufumu osakayikitsa. Matanzima anathera pa utsogoleri wa Transkei, kadziko komwe boma la tsankho linati lakapatsa ufulu mu 1976, koma palibe dziko lina lililonse kupatula South Africa lomwe linakazindikira. Msinkhu ndi magazi zinali zofanana. Chomwe chinasiyana ndi chimene aliyense anachita nazo.

Sukulu yoyamba inali bwalo la ku Mqhekezweni. Bambo awo atamwalira, a Mandela anatengedwa kukaleredwa ndi a Jongintaba Dalindyebo, omwe ankagwirizira mpando wa ufumu wa Athembu. Imodzi mwa ntchito zawo pakhomopo inali kusita masuti a mfumu, ndipo ankanyadira mzere wakuthwa womwe ankautulutsa pa buluku. Kanthu kakang'ono aka sikoyenera kukadumpha: mwana amene watha maola akuwongola zovala za mtsogoleri amazindikira msanga kuti ulemerero womwe anthu amauona pabwalo umayambira kuseri kwa nyumba, pamene wina akupemerera makala.

Kukakhala msonkhano, mnyamatayo ankakhala chapambali n'kumaonerera. A Jongintaba ankatsegula ndi kuthokoza anthu chifukwa chobwera, n'kufotokoza chimene awaitanira. Akatero ankatseka pakamwa. Aliyense wofuna kulankhula ankalankhula, mlimi, sing'anga, wolemera, wosauka, ndipo ena ankalavula zakukhosi moidzudzula mfumuyo pamaso, mopanda kuzungulira. Iyo osayankha, osachita tsinya, osasintha nkhope. Maola ankatha. Dzuwa likapendeka m'pamene inkaomba mkota, kutola mfundo ya uyu ndi ya uyo n'kuzimanga pamodzi kuti aliyense apezemo mawu ake. Zikakanika, nkhani inkagona kudikira tsiku lina. Bwaloli linali ndi chilema chake, pakuti amayi analibe mawu pamenepo, ndipo a Mandela eni anadzavomereza zimenezi atakula. Koma wowerenga amene anakhalapo pabwalo la mfumu yodziwa ntchito yake akudziwa mphamvu yomwe ili mwa munthu wolankhula pomaliza. Amakhala atamva mantha a aliyense, pamene ake palibe amene wawamva.

Sikuti anangoona n'kutola pompo. Mnyamata amene anathawira ku Joni mu 1941, pothawa ukwati womwe a Jongintaba anamukonzera, anali kutali ndi kudekha kumeneku. Anayamba ngati mlonda pa mgodi wa Crown Mines. A Walter Sisulu atamupezera malo kwa loya Lazar Sidelsky, ankalandira mapaundi 2 pa sabata, ndipo suti yakale yomwe bwanayo anamupatsa anaivala pafupifupi zaka zisanu mpaka zigamba zinachuluka kuposa nsalu. Mu 1942 anakhalako pa komponi ya Wenela, dzina lomwe agogo athu ambiri omwe anapita kumigodi akulidziwa bwino. Kumeneko kunkafikira mafumu ochokera madera osiyanasiyana, ndipo tsiku lina kunabwera mfumukazi yogwirizira mpando wa Basutoland, a Mantsebo. Itaona kuti mnyamatayu sakutha kulankhula Chisutu, inamufunsa pamaso pa anthu kuti adzakhala loya ndi mtsogoleri wamtundu wanji ngati sadziwa chilankhulo cha anthu ake omwe. Funsoli linamulasa. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo tidzaona kutsogoloku kumene kutsinako kunakafika.

M'zaka zoyambirira za bungwe la achinyamata la ANC, lomwe analikhazikitsa mu 1944 pamodzi ndi a Anton Lembede, a Sisulu ndi a Oliver Tambo, a Mandela anali munthu waphuma ndi wosachedwa kupsa mtima. Sankafuna kugwirizana ndi amwenye kapena achikomyunizimu, ndipo ankasokoneza misonkhano yawo, kung'amba zikwangwani ndi kulanda maikolofoni. Amene amati kuleza mtima kwawo kunali kwachibadwa ayambe wafotokoza za mnyamata ameneyu.

Chomwe anali nacho kale nthawi imeneyo ndi diso lodziwa pamene anthu akuyang'ana. Ofesi ya maloya ya Mandela ndi Tambo itatsegulidwa mu 1952 ku Chancellor House, a Tambo ankakonda kukhala ndi mapepala, pamene a Mandela ankakonda khoti. Pa mlandu wina ankaimira mayi wantchito za m'nyumba amene abwana ake achizungu ankati wawabera zovala. Zovalazo zinayalidwa patebulo ngati umboni. A Mandela anapita patebulopo osafulumira, anaziyang'ana, kenako anakola kabudula wamkati ndi nsonga ya pensulo, n'kumukweza m'mwamba kuti khoti lonse lione. Anatembenukira kwa donayo n'kumufunsa mwaulemu ngati chovalacho chinali chake. Manyazi atamugwira, donayo anakana, ndipo mlandu unathera pomwepo. Apa panalibe mawu okuluwika kapena mfundo yozama ya malamulo. Panali kudziwa chimene mzimayi wa mtundu wake, pa nthawi imeneyo, sakanatha kuvomera pamaso pa mwamuna wakuda. Madzulo ankapita kukachita masewero a nkhonya ku Orlando, ndipo chomwe chinkawasangalatsa si kumenya kwenikweniko koma kuwerenga mdani, kudziwa nthawi yolowa ndi nthawi yobwerera m'mbuyo.

Umboni woti maonekedwe awo ankawalamulira okha unaoneka mu 1961, pamene anayamba kukhala mobisala. Munthu wodziwika ndi masuti osokedwa bwino anasunga ndevu, anavala ovolosi, n'kumadzitcha David Motsamayi, dalaivala kapena wantchito wa pamunda wa Liliesleaf. Anaphunzira kuyenda mowerama pang'ono, kulankhula motsitsa, kudikira kuuzidwa chochita. Kwa chaka choposa chimodzi apolisi ankawasakasaka osawapeza. Chinthu chomwe munthu angathe kuchizimitsa akafuna n'kuchiyatsanso akafuna, ndiye kuti wachigwira m'manja.

Atagwidwa pafupi ndi Howick pa 5 Ogasiti 1962, anachiyatsanso mwa njira ina. Tsiku la mlandu ku Pretoria, mu Okutobala, loya wa masutiyu analowa m'khoti atafunda chovala cha zikopa cha mwambo wa kwawo, mikanda ili m'khosi, phewa lili pamtunda. Anthu omwe anadzaza m'khotimo anadzuka n'kukweza zibakera. Asanatsegule pakamwa anali atanena kale kuti amene akuzengedwa mlandu si munthu mmodzi ayi, ndi mtundu wonse wa anthu akuda m'khoti la azungu. Akuluakulu a ndende anafuna kuwalanda chovalacho, iwo anakana.

Koma pamene luso lawo limandigwira mtima kwambiri ndi pa 20 Epulo 1964, pa mlandu wa Rivonia. Iwo ndi anzawo chingwe chinali chikuwalendewera pakhosi. Malamulo ankapereka njira ziwiri: kulowa m'bokosi la mboni n'kumayankha mafunso a woimira boma, a Percy Yutar, kapena kulankhula uli pamalo a woimbidwa mlandu, pomwe palibe angakudule mawu koma woweruza sapereka kulemera kwenikweni ku zomwe wanena. A Mandela anasankha yachiwiri. Anataya dala mwayi wodziteteza kuti apeze mwayi wolankhula ndi dziko osasokonezedwa. A Yutar, omwe anakonzekera kuwapanikiza ndi mafunso, anagwira njakata. Zolankhulazo anazilemba pafupifupi masabata awiri, anazionetsa kwa anzawo ndi kwa maloya, ndipo olemba odziwika, a Nadine Gordimer ndi a Anthony Sampson, anaziwerengako. Ndime yomaliza inkanena kuti anali okonzeka kufera cholinga chawo cha dziko limene anthu onse adzakhale mofanana. Maloya anachita mantha kuti woweruza, a Quartus de Wet, aona ngati akuputidwa dala. A George Bizos anapempha kuti awonjezere timawu tochepa tosonyeza kuti imfayo adzailandira pokhapokha ngati kutafunika kutero, ndipo a Mandela anavomera. Munthu wouma mutu akanakana, wamantha akanafufuta ndime yonse. Iwo anamvera langizo popanda kutaya mfundo.

Anawerenga pafupifupi maola atatu ndi mawu awo osakwera aja. Atafika pa ndime yomaliza anaika mapepala pansi, n'kuyang'ana woweruza m'maso, n'kunena mawuwo kuchokera pamtima. Izinso anazikonzekera, pakuti ndime siilowa m'mutu yokha. Ndiye kodi kukonzekerako kukuchotsa kuona mtima? Ine ndikuti ayi. Munthu amene akudziwa kuti mawu awa mwina ndi omaliza kuwalankhula pagulu, n'kuwaloweza kuti maso ake asakhale papepala pamene akuwanena, walemekeza mawuwo ndi anthu owamva. Pa 12 Juni 1964 anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse.

Ku Robben Island kunalibe khamu, kunalibe suti, kunalibe wojambula. Akaidi akuda ankapatsidwa makabudula ngati ana, ndipo a Mandela anali nambala 466/64. Apa m'pamene tingaone ngati chikoka chinali m'zovala kapena mwa munthu. A Bizos ankakonda kufotokoza ulendo wawo woyamba wokawaona. A Mandela anatulukira atavala kabudula, nsapato zopanda sokosi, atazunguliridwa ndi asilikali a ndende asanu ndi atatu. Koma liwiro la kayendedwe ankalipereka ndi mkaidiyo, asilikaliwo n'kumatsatira. Atafika, anauza loya wawoyo kuti amudziwitse gulu lomwe likuwaperekeza mwaulemu, ndipo anatchula msilikali aliyense ndi dzina lake. Asilikaliwo, posowa chochita, anapereka moni wa m'manja. Talingalirani ntchito yomwe ili pansi pa kamphindi kameneka. Anayenera kufunsa mayina asanu ndi atatu, kuwasunga, ndi kusankha nthawi yowatchulira. Sanatukwane munthu, sanaphwanye lamulo lililonse, koma pomwe amamaliza, aliyense pamalopo anadziwa amene akulandira alendo.

Nkhani ya makabudula inayendanso motero. Anadandaula mpaka akuluakulu anawaponyera buluku lalitali, iwo okha. Ataona kuti anzawo sanapatsidwe, analibweza. Panapita zaka zingapo kuti onse alandire. Mtsogoleri amene akanavala bulukulo akanapambana tsiku limodzi n'kutaya anthu ake.

Ndiyeno Chiafrikaans. Akaidi anzawo ambiri ankanyansidwa nacho, ndipo achinyamata omwe anafika pachilumbapo pambuyo pa zipolowe za ku Soweto mu 1976 anali ataona anzawo akuomberedwa chifukwa chokana kuphunzitsidwa m'chilankhulo chomwecho. A Mandela anachiphunzira mwakhama, pamodzi ndi mbiri ya Mabunu, nkhondo yawo ndi Angerezi, mayina a akazembe awo, ngakhale za masewero a rugby omwe anthu akuda ambiri sankafuna n'komwe kuwamva. Funso la mfumukazi ya ku Wenela lija anali atalikulitsa: anthu amene udzawatsogolere si okhawo amene amakukonda. Ankayeserera pa asilikali a ndende, anyamata osauka a kumidzi omwe ambiri sanapite patali ndi sukulu. Ankawafunsa za mabanja awo, ena ankawathandiza kulemba makalata. Mwa iwo anaphunzira chimene Mbunu amaopa ndi chimene amanyadira, ndipo anapeza kuti pansi pa nkhanza zambiri panali mantha oti tsiku lina adzathamangitsidwa ndi kunyozedwa.

Zaka pafupifupi 20 za kuyeserera kumeneku zinadzagwira ntchito pamene akuluakulu eniake anayamba kubwera. Mu Novembala 1985 nduna ya zachilungamo, a Kobie Coetsee, inakawaona m'chipatala ku Cape Town atachitidwa opaleshoni. Inapeza mkaidi atavala zovala za odwala, koma anailandira ngati mwini nyumba, n'kuidziwitsa kwa anamwino. Pa 5 Julaye 1989 anawatengera mwachinsinsi ku Tuynhuys kukakumana ndi Pulezidenti P. W. Botha, munthu woopedwa chifukwa cha ukali. Atatsala pang'ono kulowa, mkulu wa akazitape a boma, a Niël Barnard, anaona kuti zingwe za nsapato za a Mandela sizinamangidwe bwino, ndipo anagwada n'kuzimanga. M'katimo a Botha anathira okha tiyi. A Mandela sanayambe ndi madandaulo. Anayamba ndi mbiri ya Mabunu omwe anaukira boma mu 1914, n'kuyerekeza kuukirako ndi nkhondo ya anthu akuda, kuti zonsezi ndi mikangano ya pachibale. Palibe chachikulu chomwe anagwirizana tsiku limenelo, koma a Botha anamva nkhondo ya ANC ikufotokozedwa m'nkhani ya makolo awo omwe.

Usiku umene luso lonseli linayesedwa zenizeni unali mu Epulo 1993. Pa 10 mwezi umenewo a Chris Hani, omwe achinyamata ankawakonda kwambiri, anaomberedwa pakhomo pawo ku Boksburg ndi Janusz Waluś, mzungu wochokera ku Poland. Dziko linatsala pang'ono kuyaka. Pulezidenti anali akadali a F. W. de Klerk, koma aliyense anadziwa kuti mawu awo sakanamveka. Patapita masiku atatu a Mandela analankhula pa wailesi ya kanema. Onani mmene anayalira nkhaniyo. Anati wakupha ndi mzungu wodzala ndi chidani amene anachita kubwera m'dzikomo kuchokera kwina. Mosataya nthawi anawonjezera kuti amene anaika moyo wake pachiswe kuti chigawengacho chigwidwe ndi mzimayi wachizungu, Mbunu, woyandikana nyumba ndi a Hani, yemwe analemba nambala ya galimoto n'kuuza apolisi. Zonse ziwiri zinali zoona, panalibe chopeka. Luso linali posankha kuziika pamodzi, moyandikana, kuti wachinyamata amene wanyamula mwala asathe kunena kuti azungu onse ndi amodzi. Sanauze anthu kuti asakwiye, anaupatsa mkwiyowo kolowera. Anthu ena anafabe m'masiku otsatira, koma nkhondo yomwe ambiri ankaiopa sinabuke, ndipo pasanathe miyezi itatu tsiku la chisankho, 27 Epulo 1994, linakhazikitsidwa.

Mu Ogasiti 1993 anaitanira kunyumba kwawo ku Houghton a Constand Viljoen, omwe kale anali mkulu wa asilikali onse a South Africa ndipo tsopano ankatsogolera Mabunu okonzeka kumenya nkhondo. A Mandela anawalandira okha, anawathirira tiyi, n'kulankhula nawo m'Chiafrikaans. Sanawanyengerere. Anawauza kuti asilikali awo angathe kupha anthu ambiri, koma nkhondoyo sidzakhala ndi wopambana. Mu Malichi 1994 a Viljoen analembetsa chipani cha Freedom Front, ndipo chinapeza mipando 9 m'nyumba ya malamulo m'malo motenga mfuti. Za jezi ya nambala 6 ya timu ya rugby ya Springbok yomwe a Mandela anavala ku Ellis Park pa 24 Juni 1995, pamene South Africa inagonjetsa New Zealand 15 kwa 12, zanenedwa kokwanira. Chongofunika kukumbukira n'chakuti chaka chathunthu m'mbuyomo anali ataitana kale kaputeni wa timuyo, Francois Pienaar, kudzamwa tiyi ku Union Buildings. Nkhanga zinapangana kusanache.

Pali nkhani ina yaing'ono yomwe inasimbidwa ndi a Richard Stengel, amene anawathandiza kulemba mbiri ya moyo wawo. Pa nthawi ya kampeni ya 1994, injini imodzi ya kandege komwe anakwera ku Natal inazima ali m'mwamba. Anthu anayamba kunjenjemera, koma atayang'ana a Mandela anawaona akuwerenga nyuzipepala ngati palibe chachitika, ndipo mitima inakhala pansi. Atatera, anaulula kwa a Stengel kuti anali ndi mantha oopsa. Nyuzipepalayo ankaigwirira anthu enawo.

Akatswiri a masiku ano afika pafupi ndi mfundo yomweyi kudzera njira yawo. Kafukufuku wa mapasa yemwe a Richard Arvey ndi anzawo anafalitsa mu 2006 anapeza kuti chibadwa chimafotokoza pafupifupi magawo 30 pa 100 a kusiyana kwa anthu pa nkhani yofika pa maudindo a utsogoleri. A John Antonakis a ku yunivesite ya Lausanne anaonetsa mu 2011 kuti mabwana a ntchito akaphunzitsidwa njira zina, monga kusimba nkhani, kugwiritsa ntchito mafanizo, kusinthasintha mawu ndi kulankhula ndi manja, anthu amayamba kuwaona kuti ali ndi chikoka. Sindikutsutsa. Koma n'zochititsa chidwi kuti zingapo mwa njira zimenezi a Mandela analibe. Mawu awo sankasinthasintha, manja awo sankayendayenda. Chomwe anaphunzira chinali chakuya kuposa kayendetsedwe ka manja: kudziwa chimene munthu amene ali patsogolo pako akuopa kutaya, n'kumusonyeza kuti wachiona.

Wina anganene kuti ngati zonsezi zinali zokonzekera, ndiye kuti ndi sewero, ndipo atsogoleri onyenga nawonso amadziwa sewero. Zoona, ndipo Africa waona ambiri ovala zikopa ndi onyamula litchowa omwe anasiya misozi. Kusiyana kwake kuli pa mtengo womwe munthu walipira. Pa 31 Januwale 1985 a Botha analonjeza kuwatulutsa ngati atalumbira kusiya nkhondo ya zida. Anali atakhala m'ndende zaka zoposa 22. Anakana, ndipo yankho lawo linawerengedwa ndi mwana wawo Zindzi pabwalo la Jabulani ku Soweto pa 10 Febuluwale. Anakhalanso zaka zina zisanu. Tiyi wothiridwa ndi munthu wotere amamveka mosiyana ndi wothiridwa ndi wofuna mavoti, chifukwa womwayo amadziwa kuti ulemuwu sukuchokera m'mantha kapena m'dyera.

Panalinso mtengo wina wowawa kwambiri. Mayi awo anamwalira mu 1968, mwana wawo woyamba Thembekile anafa pa ngozi ya galimoto mu 1969, ndipo maliro onse awiri sanaloledwe kukaika. Uthenga wa Thembekile utafika anakagona m'chipinda chawo osalankhula, a Sisulu atakhala pambali atawagwira dzanja. Munthu amene waphunzira kubisa ululu wotere kuti adani asauone, sachedwa kupeza kuti nkhopeyo yakana kuchoka ngakhale pakhomo pake. Ana awo ena anadandaulapo poyera kuti bambo a dziko lonse anali ovuta kuwafika ngati bambo a m'nyumba. Ndipo chikokacho chinali ndi malire. Pa 25 Febuluwale 1990 anauza khamu ku Durban kuti litaye mfuti, mipeni ndi zikwanje m'nyanja, koma kuphana kwa otsatira ANC ndi otsatira chipani cha Inkatha kunapitirira zaka zingapo, anthu masauzande n'kufa. Mu 1993 anati ana a zaka 14 aziloledwa kuvota, ndipo chipani chawo chomwe chinakana.

Cholephera chachikulu chinali Edzi. Pa zaka zisanu za upulezidenti wawo, kuyambira 1994 mpaka 1999, kachilombo kanafalikira kwambiri, koma iwo sanaikepo mphamvu ya dzina lawo mmene akanathera. Kwa munthu wa msinkhu wawo ndi wa mwambo wawo, kukamba za kugonana pagulu kunali kolemera, ndipo pambuyo pake anavomereza kuti sanachite zokwanira. Chondidabwitsa n'chakuti ali ndi zaka zoposa 80, atatula kale udindo, anabwereranso kukaphunzira. Mu 2002 anakayendera a Zackie Achmat, omwe ankakana kumwa mankhwala otalikitsa moyo mpaka boma litayamba kuwapereka kwa anthu onse. Mu Disembala chaka chomwecho anapita ku chipatala cha ku Khayelitsha n'kuvala malaya omwe omenyera ufulu wa odwala ankavala, olembedwa kuti mwiniwake ali ndi HIV. Anaperekanso nambala yawo ya ukaidi, 46664, kuti ikhale dzina la ntchito yolimbana ndi matendawa.

Pa 6 Januwale 2005 mwana wawo wamwamuna yekhayo amene anatsala, Makgatho, anamwalira ali ndi zaka 54. Tonse tikudziwa mmene maliro otere ankalengezedwera nthawi imeneyo, ku South Africa ngakhale kwathu kuno: anadwala nthawi yaitali, basi, anthu n'kumanong'onezana kuseri kwa siwa. A Mandela, ali ndi zaka 86, anaitana atolankhani kunyumba kwawo ku Houghton tsiku lomwelo, achibale atawazungulira, n'kunena kuti mwana wawo wafa ndi Edzi. Anapempha mabanja kuti asiye kubisa matendawa, aziwatchula monga mmene amatchulira chifuwa chachikulu kapena khansa.